Zigoba za mazira, mankhusu a mpunga kapena phulusa la nzimbe: chabwino mu dongo la matailosi ndi chiti?

Anzanga oumba, zitatuzi musamangoziwunjika pamodzi ngati zimagwira ntchito imodzi ayi. Chigoba cha dzira pafupifupi 95% yake ndi calcium carbonate, yemwe uja wa mwala wa laimu, ndiye chimalowa m'malo mwa laimu wogula. Moto ukadutsa madigiri 800 chimatulutsa mpweya nkusiya timabowo, tailosi imapepuka komanso siifupika kwambiri mu uvuni koma imamwa madzi kupitirira 10%, ndiye ndi ya pakhoma basi, pansi iwalani. Ku Brazil, ku yunivesite ya mumzinda wa Campos dos Goytacazes, anayesa zigobazi pa matailosi apakhoma omwewo.

Vuto ndi kusinja. Ine ulendo woyamba ndinatola zigoba ku bekale ina, ndinangotsuka nkusinja mu mtondo mwa changu, kanembanemba kamkati kaja osachotsa (fungo lake abale, ntchentche zinadziwa ndi komwe ndimakhala). Matailosi anatuluka bwinobwino mu uvuni, koma mvula itangoyamba timadontho toyera tinayamba kutumphuka pamwamba, tailosi ina mpaka kung'aluka. Timibulu ta laimu tija tinamwa chinyezi nkufufuma. Sefa ikhale ya maso ang'ono zedi, ufa wake uzimveka ngati ufa woyera pa chala.

Mankhusu a mpunga ndi nkhani ina, mukawawotcha phulusa lake ndi silika, yemwe uja wa mu mchenga, wopitirira 85%, ndiye limalowa m'malo mwa mchenga osati laimu. Kupeza kwake ndiye nkosavuta, pa chigayo cha mpunga ku Karonga kapena ku Nkhotakota amakhala mulu. Koma thumba lonse limakusiyirani phulusa lochepa, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndipo likatuluka lakuda ndiye kuti silinapse, limakadetsa mkati mwa tailosi.

Phulusa la nzimbe, lija lotsala akawotcha zotsalira za nzimbe kumafakitale a shuga ngati ku Nchalo ndi ku Dwangwa, nalonso ndi silika komanso lili ndi potaziyamu wothandizako dongo kugwirana. Kungoti silikhala chimodzimodzi, lero lili ndi dothi la kumunda mawa makala, mumangoyesa thumba lililonse.

Ine za pakhoma ndimatenga zigoba, pafupifupi 10% ya dongo, za pansi phulusa la mankhusu pang'ono. La nzimbe ndimalisiyira a njerwa.