di-4-ANEPPS, FluoVolt kapena DiBAC: utoto woonera magetsi a maselo ndi uti?

Selo la mu ubongo likamatumiza uthenga, magetsi a pa kakhungu kake amachoka cha pa -70 mV (mamilivoti, muyeso wa magetsi ochepa kwambiri), n'kukwera ndi pafupifupi 100 mV, kenaka n'kubwerera, zonsezi m'milisekondi imodzi kapena ziwiri. Utoto wochedwa sungazione zimenezo ngakhale uwale chotani. Ndiye musanagule chilichonse, yambani mwadziwa liwiro la chimene mukufuna kujambula. Mapelesenti olembedwa pa botolo, osonyeza mmene kuwala kwa utoto kumasinthira magetsi akasintha, abwere pambuyo.

Wakale pa utoto wachangu ndi di-4-ANEPPS, wochokera mu labotale ya Leslie Loew ku Connecticut m'zaka za m'ma 1980. Umalowa m'kakhungu n'kukhazikika momwemo. Magetsi akasintha, molekyu siyenda; amasuntha ndi maelekitironi ake okha, ndipo mtundu wa kuwala umapendekeka pang'ono. N'chifukwa chake umayankha milisekondi imodzi isanakwane. Vuto lake ndi kuchepa kwa chizindikiro: zikayenda bwino kuwala kumasintha ndi 10 pelesenti pa 100 mV, ndipo m'mnofu weniweni n'kochepa kuposa apo. Ukawonjezera nyali kuti uone bwino, utoto umazilala, maselo nawo amayamba kuvulala. Komanso di-4 sachedwa kulowerera m'kati mwa selo, moti pakapita nthawi chithunzi chimawala ponseponse koma kuthwanima kumene umafuna kukuzimirira. Mnzake di-8-ANEPPS ali ndi michira yaitali yomugwira pa kakhungu, koma savomera kusungunuka msanga, mpaka ambiri amamuthandizira ndi mankhwala osungunulira otchedwa Pluronic F-127.

Ngakhale zili choncho, pa mtima wathunthu ine ndimaukhulupirirabe di-4. Mungathe kujambula mitundu iwiri ya kuwala nthawi imodzi n'kugawa nambala ya mtundu wina ndi ya unzake, ndipo zimenezo zimachepetsa chisokonezo chobwera ndi kugunda kwa mnofu, makamaka mukathiranso blebbistatin kuti mtima usamatukutuke pansi pa kamera. Ofuna kuona kashiamu limodzi ndi magetsi amakonda kuphatikiza RH237, woonetsa magetsi, ndi Rhod-2, woonetsa kashiamu. Utoto wa RH umenewu unachokera ku Weizmann Institute, kwa Amiram Grinvald ndi Rina Hildesheim, ndipo wina wake, RH1691, amauunikira ndi kuwala kofiira kuti magazi asasokoneze pojambula ubongo wa nyama yamoyo.

Koma pa maselo olimidwa m'mbale, mtima wanga uli pa VoltageFluor. Evan Miller ndi Roger Tsien anautulutsa mu 2012, ndipo wogulitsidwa ndi dzina la FluoVolt ndi wa banja lomweli. Kapangidwe kake n'kosangalatsa kwambiri. Mutu wowala umatsala kunja kwa selo, kamchira konga waya kamalowa m'kakhungu. Selo likakhala phee, elekitironi imadutsa m'kawayako n'kukazimitsa kuwala. Magetsi akakwera, njirayo imavuta, ndipo mutu uja umawala. Wotchedwa VF2.1.Cl umasintha ndi pafupifupi 27 pelesenti pa 100 mV, ndipo liwiro silitsika. Pa kompyuta umaona mzere ukudumpha pa kuwombera kulikonse kwa selo, osadikira kuphatikiza zojambula zambirimbiri. Sufunanso mafyuluta achilendo, wamba a kuwala kwa buluu kwa 488 nm akwanira. Ngati mbali yobiriwira yatengedwa kale ndi GCaMP, puloteni yowala yoonetsa kashiamu, kapena mukudzutsa maselo ndi kuwala kwa buluu, tengani BeRST 1 wa mu 2015, amene amawala mofiira kwambiri. Chosowa cha utoto wa banja la VoltageFluor n'chakuti kuwala ndi kwa mtundu umodzi, choncho selo likasuntha pang'ono, mzere umasuntha nawo ngati kuti magetsi asintha.

Utoto wochedwa ndi nkhani ina. DiBAC4(3) umachita kusamuka wonse: selo likataya magetsi ake, umalowa m'kati n'kuwala kwambiri, pafupifupi 1 pelesenti pa mV imodzi. Chizindikiro chachikulu zedi, koma chimatenga masekondi ambiri kapena mphindi. Poyesa mankhwala ambiri m'timaenje ta mbale umagwira ntchito bwino. Pa uthenga wa ubongo musauyese n'komwe. Chenjeraninso chifukwa kutentha kukasintha nawonso umasintha, ndipo umatha kutsegula timakhomo ta potaziyamu totchedwa BK, kutanthauza kuti chida choyezera chikusokoneza chimene chikuyezedwa. TMRM ndi JC-1 ndi utoto wa mitokondiriya, tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, kumene magetsi amafika cha pa -150 mpaka -180 mV. Pa ziwirizi ndimasankha TMRM wothira pang'ono kwambiri, n'kumaliza ndi FCCP, mankhwala ochotsa magetsi a mitokondiriya, kuti ndione kuwala kukugwa. JC-1 amakopa chifukwa amasintha kuchoka kufiira kupita kubiriwira magetsi akatsika, koma kuunjikana kwake, komwe kumabweretsa kufiirako, kumadaliranso kuchuluka kwa utoto ndi nthawi imene wakhala m'maselo.

Pali chimene utoto onsewu sungathe: umapaka kakhungu kalikonse komwe wakhudza. M'kachidutswa ka ubongo, kumene maselo ndi othithikana, selo lanu limamira m'kuwala kwa anzake. Pamenepo njira ndi ziwiri: kuthira utoto m'selo limodzi kudzera m'kapaipi kagalasi, kapena kusamukira ku mapuloteni oikidwa m'majini monga ASAP ndi Voltron, amene amawala m'mtundu wa maselo umene mwasankha wokha.