Akademe ya mpira ya ana ku Rosettenville, kochi watsopanoyu ndamuvomereza

Amalawi anzanga a kuno ku Joni amene muli ndi ana okonda mpira, akademe ija imaphunzitsa Loweruka m'mawa ku Rosettenville yasinthiratu chilembereni kochi watsopano. Wakale uja ankangowathamangitsa ana kuzungulira gilaundi, iye ali pa foni. Uyu asanamulembe eni akademe anatiitana makolo, tinaona laisensi yake ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, kenako anamuuza aphunzitse kaye ife tikuonerera, osati zongotengera dzina ayi. Mwana wanga ndi wamanzere, ankaopa kumenya ndi mwendo wamanja, kochiyu anamuimika pakhoma ndi mpira azingomenya kumabwerera, pano akupasa ndi miyendo yonse ndipo Lachisanu amagona atalongedza kale ma buti.

Ana akaluza sakalipa, ndipo eni akademe ndawapempha ndithu amupatse nthawi. Mwachitsanzo, kochi Pitso Mosimane analowa ku Mamelodi Sundowns mu 2012 timu ili kumunsi kwa ligi, anamupirira, 2016 anabweretsa CAF Champions League.

Chondidandaulitsa ndi jezi, mumagula nokha ndipo ndi zodula, komanso magemu a kutali thiransipoti muzionera nokha. Madzi akumwa muzitenga kunyumba, mpopi wapagilaundi sutulutsa.