Ulendo wapansi wa ku Westminster: nyenyezi 4, yachisanu inatsalira pa chipewa cha Chilembwe

Amayi anga anabwera kudzationa kuno ku England mu 2023, ndipo asanatsike n'komwe m'ndege anali atanena kale kuti sadzabwerera kumudzi asanaone London ndi maso awo. Ndi mphunzitsi wopuma, wa zaka 68, kwawo ndi ku Chiradzulu. Ine ndakhala kuno zaka zingapo koma London ndinkangoidziwa ya pansi pa nthaka, kutsika sitima iyi kukwera inayo. N'chifukwa chake ndinagula pa intaneti matikiti awiri a ulendo woyenda pansi wokhala ndi wotitsogolera, wa maola atatu, woyambira pa Trafalgar Square n'kukathera ku Buckingham Palace. Tinapita Lachiwiri lina m'mwezi wa September.

Kugula tikiti sikunavute. Uthenga unabwera pa foni nthawi yomweyo wonena poti tikakumane, ndipo wotitsogolera tinamupeza ataima pomwe anatiuzapo, atanyamula ambulera yofiira kuti tizimuona pakati pa khwimbi la anthu. Anali mayi wachikulire ndithu, waulemu, mawu ake omveka. Atangoona amayi anawafunsa ngati miyendo yawo ingapirire, ndipo ulendo wonse ankatembenuka kuona ngati tatsalira. Zimenezo ndinaziyamikira kwambiri.

Mbiri ya mafumu ndi nkhondo za dziko lake ankaidziwa ngati dzina lake. Pa Trafalgar Square anatifotokozera za chipilala cha Nelson, chotalika mamita oposa 50, chomwe anamaliza kumanga mu 1843 pokumbukira mkulu wa asilikali apamadzi amene anafera pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805. Mikango inayi yachitsulo ili m'munsi mwake inabwera mochedwa, mu 1867. Anatisonyezanso chiboliboli cha Mfumu Charles I ali pa kavalo, pomwe amayambira kuwerenga mtunda wochoka ku London kupita kumizinda ina. Titatsika mumsewu wa Whitehall anatiimika pa Banqueting House n'kutiuza kuti mfumu yomwe ija inadulidwa mutu panja pa nyumbayi pa 30 January 1649, anthu akuonerera. Amayi anagwira pakamwa. Iwo ankaphunzitsa mbiri ku pulayimale zaka zambiri, koma kuima pamalo enieni pomwe mfumu inaphedwera ndi anthu ake omwe n'kosiyana ndi kuwerenga m'buku.

Koma dandaulo langa lalikulu linayambira pomwe tinayambira ulendo. Pa Trafalgar Square pali nsanamira zinayi za ziboliboli, ndipo yachinayi amaikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana. Nthawi imeneyo pamwamba pake panali John Chilembwe. Inde, Chilembwe wathu yemweyo wa ku Mbombwe, amene nkhope yake timayenda nayo pa ndalama zathu, amene timamukumbukira pa 15 January. Chibolibolicho anachipanga Samson Kambalu, Mmalawi, ndipo chinaikidwa mu September 2022. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 pomwe Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, onse atavala zipewa, m'masiku omwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamupanga Chilembwe wamkulu kwambiri kuposa mnzakeyo. Wotitsogolera anangoloza ndi ambulera, nati izi ndi zosinthasintha, zikhala pano kanthawi kenaka zichoka, basi tiyeni. Dzina sanatchule.

Amayi ndi amene anamuzindikira. Anandikoka mkono n'kunena kuti, "Mwanawe, taona, si Abusa Chilembwe awo?" Anaima chilili, gulu likupita. Iwo anakulira kufupi ndi PIM, nkhani ya kuukira kwa mu January 1915 anaimva kwa agogo awo asanaione m'buku lililonse. Ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwawo. Tinajambula zithunzi mofulumira n'kuthamangira anzathu amene anali atawoloka kale msewu. Pambuyo pake ndinamufotokozera wotitsogolerayo kuti munthuyo ndi ndani kwa ife. Anamvetsera bwino, anapepesa, ndipo anafunsa kalembedwe ka dzinalo n'kulemba m'kabuku kake. Sindikumuimba mlandu iye yekha. Kampani yomwe imakonza zoti azinena ndiyo inayenera kuona kuti chiboliboli chachikulu chotero, pabwalo lomwe ulendo wawo umayambira, chili ndi nkhani yokhudza dziko lawo lomwe. Chinachotsedwa mu 2024, choncho amene mukupita tsopano simukachipeza pamenepo.

Pa Horse Guards tinaona asilikali awiri ali pa akavalo akuda, osagwedezeka, ndipo tinachenjezedwa kuti tisagwire zingwe za akavalowo chifukwa amaluma. Downing Street, komwe kumakhala nduna yaikulu, mumangoionera pa mpanda wachitsulo womwe unaikidwa mu 1989. Musayembekezere kuona chitseko cha nambala 10 bwinobwino. Pa Cenotaph, chipilala cha mu 1920 chokumbukira omwe anafa pa nkhondo, sitinachedwepo, ngakhale ine ndinakumbukira chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) chomwe chili ku Zomba.

Parliament Square ndi pomwe ulendowu unakoma zedi. Tinafika nthawi ikukwana 11 koloko, ndipo wotitsogolera anachita dala kutiimika kuti timve belu likulira. Anatiuza kuti Big Ben ndi dzina la belulo, lolemera matani oposa 13, lomwe linayamba kulira mu 1859, pomwe nsanjayo, yotalika mamita 96, imatchedwa Elizabeth Tower kuyambira mu 2012. Inali itangokonzedwa kumene kwa zaka zisanu, golide wake akuwala. Nyumba ya malamulo yomwe tikuiona lero inamangidwa yakale itapsa ndi moto mu 1834. Amayi anati kulira kumeneko ankakumva pa wailesi ya BBC ali mtsikana, bambo awo atatchera khutu madzulo, ndipo sanaganizepo kuti tsiku lina adzaima pansi pake. Pabwalo lomweli pali ziboliboli za Churchill, Gandhi ndi Nelson Mandela. Cha Mandela anachivundukula mu 2007 mwini wake ali pompo, ndipo apa wotitsogolera anafotokoza mokwanira.

Tsopano za Westminster Abbey, mverani bwino musanalipire. Tikiti ya ulendowu sikulowetsani m'tchalitchimo. Zinalembedwa, koma m'munsi mwenimweni ndi tizilembo tating'ono, pomwe chithunzi chachikulu chotsatsira malonda chinali cha m'kati mwa tchalitchicho. Ife tinangoima panja n'kumva kuti mafumu a England akhala akulongedwa ufumu pamalowa kuyambira mu 1066, kuti nyumba yomwe ilipoyi inayamba kumangidwa mu 1245, komanso kuti Mfumu Charles III inavekedwa chisoti momwemo pa 6 May 2023. Za David Livingstone, yemwe wagona m'katimo, sanatchule mpaka amayi atafunsa.

Tinabwerera tokha m'mawa mwake n'kulipira pafupifupi mapaundi 30 munthu mmodzi. Ndi ndalama zambiri, makamaka ukaziwerengera m'makwacha, koma amayi sakanagona tulo. Manda a Livingstone ali pansi, pakati pa njira yaikulu ya m'tchalitchi, mwala wakuda womwe anthu ambiri amangoupondapo osadziwa. Mawu oyamba pamwalapo amanena kuti anabweretsedwa ndi manja okhulupirika, kudutsa pamtunda ndi panyanja. Eni manjawo sanalembedwe maina. Amayi anawatchula okha motsitsa mawu: Susi ndi Chuma. Livingstone anamwalira mu May 1873 m'mudzi wa Chitambo, ku Zambia ya lero. Mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo komweko, thupi analiumitsa, ndipo anthu ake analinyamula miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Chuma anali Myao amene anapulumutsidwa kwa ogulitsa akapolo kumapiri a Shire mu 1861 ali mnyamata. Pamaliro, pa 18 April 1874, Jacob Wainwright, mmodzi mwa omwe anaperekeza thupilo, ndiye anali munthu wakuda yekhayo pakati pa onyamula bokosi. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali. Amene thumba silikulola, dziwani kuti kulowa kukapemphera nawo, monga mapemphero a madzulo oimba nyimbo, n'kwaulere, kungoti simuloledwa kuyendayenda m'katimo.

Kubwerera ku ulendo wathu wa Lachiwiri uja, chigawo chomaliza chinali chopepuka. Tinadutsa m'paki ya St James's, momwe muli mbalame za vuwo zomwe zakhala zikusungidwa kuyambira mu 1664 pomwe kazembe wa Russia anapereka zoyamba ngati mphatso. Amayi anaseka n'kunena kuti za ku Chilwa n'zambiri kuposa izi. Apa m'pomwe tinapeza mpando woyamba wokhalapo, patatha maola awiri ndi theka. Kwa munthu wachikulire zimenezi n'zowawa. Panalibe nthawi yopuma yoikika, ngakhale yopita kuchimbudzi, ndipo zimbudzi zambiri za m'derali n'zolipira ndi khadi. Gulu lathu linali la anthu 26, lalikulu kwambiri, opanda timahedifoni, kotero pa Whitehall pomwe mabasi amadutsa mosalekeza, ukakhala kumbuyo umangoona milomo ikugwedezeka. Mwambo wosinthana alonda ku Buckingham Palace, womwe unali pa chithunzi china chotsatsira, sitinauone chifukwa suchitika tsiku lililonse, ndipo palibe anatichenjeza pogula.

Tili mumsewu wa The Mall tinadutsa pafupi ndi nyumba ziwiri zomwe wotitsogolera anangozitchula maina: Marlborough House ndi Lancaster House. Ku Lancaster House n'komwe Dr Banda ndi anzake anakambirana ndi boma la Britain za malamulo a Nyasaland mu 1960, chisankho cha mu 1961 chisanachitike. Ku Marlborough House, komwe lero kuli likulu la Commonwealth, n'komwe anagwirizana mu November 1962 kuti dziko lathu liyambe kudzilamulira. Izi anandiuza ndi amayi, tikuyenda kumbuyo kwa gulu, ndipo banja lina la ku Kenya lomwe linali nafe linabwerera m'mbuyo kudzamvetsera, chifukwa nawonso ufulu wawo unakambidwa ku Lancaster House komweko.

Kodi ndingalimbikitse ena kugula ulendowu? Inde, makamaka ngati ndi koyamba kufika ku London. Mtunda wake ndi waufupi, malo ndi athyathyathya, ndipo tokha sitikanadziwa theka la zomwe tinamva. Valani nsapato zofewa, tengani madzi ndi jekete yamvula, funsani kukula kwa gulu musanalipire, ndipo sankhani tsiku lomwe kuli mwambo wa alonda ngati mukuufuna. Mukakhala ndi kholo lachikulire, uzani wotsogolera poyambirira kuti mudzafuna pokhala. Kenaka sungani tsiku lina loti mubwerere nokha ku Abbey. Kampaniyo ndinailembera zonsezi, za zimbudzi, za kukula kwa gulu ndi za Chilembwe, ndipo anayankha patatha masiku anayi kuti apereka uthengawo kwa amene amakonza maulendo awo.