DSL kapena cable? Zimene ndinawayankha alamu anga a ku Namiwawa

Alamu anga atabwerako ku Manchester anapeza nyumba ya lendi ku Namiwawa. Asanamasule n'komwe zikwama anandiimbira foni: "Alamu, inu mumazitsata za makompyutazi. Ndikoketse DSL kapena cable? Pajatu ntchito yanga ndi ya pa Zoom tsiku lonse." Ndinayamba ndaseka, chifukwa zinali ngati munthu watsika basi pa Wenela n'kumafunsa pokwerera sitima ya pansi pa nthaka. Koma funsolo si lopanda mutu. Amene wamvetsa kusiyana kwa ziwirizi wamvetsanso chimene chimavutitsa rauta ili pawindo pakeyo ikamangozungulira usiku.

DSL ndi intaneti yodutsa mu waya wa lamya yapansi, timawaya tiwiri ta kopa tija timalowa m'nyumba zakale kuchokera papolo. Mawu a munthu amangodya kagawo kakang'ono ka wayayo, osapitirira 4 kHz, ndiye akatswiri anaona kuti malo otsalawo angadutsitsemo data. N'chifukwa chake pakhoma pamakhala kabokosi kotchedwa splitter, kolekanitsa foni ndi modemu (kamakina kolandira intaneti kuchokera mu wayayo), kuti mayi azicheza pa lamya mwana ali pa intaneti. Kuno kwathu mawaya amenewa ndi a MTL, kampani imene inabadwa mu 2000 pamene boma linalekanitsa za mapositi ndi za malamya.

Waya ameneyu ndi wanu nokha kuyambira pakhomo mpaka ku ekisichenji, nyumba ya kampani kumene mawaya a malamya a dera lonse amakakumana. Palibe neba amene mumagawana naye. Koma mdani wake ndi mtunda. Mwa mitundu ya DSL, ADSL yoyamba inkafika 8 Mbps (Mbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti), ADSL2+ imafika 24 Mbps, ndipo VDSL2 imatha kugunda 100 Mbps, koma manambala okomawa ndi a munthu amene nyumba yake yayandikana ndi zipangizo za kampani. VDSL2 imafuna mamita mazana ochepa chabe. Pa ADSL2+, mukatalikira makilomita atatu theka la 24 lija silikwananso, ndipo mukapitirira asanu zangotsala dzina. Mtunda wake musawerengere njira yachidule imene mumadutsa popita kumsika. Waya amatsata mapolo ndi ngalande, amazungulira kumene inu simuzungulira.

Cable ndi nkhani ina. Ndi waya wonenepa wozungulira, wa kachitsulo kamodzi pakati, amene amatchedwa coaxial. Ku America ndi m'mizinda yambiri ya ku Ulaya makampani anayala mawaya amenewa msewu ndi msewu kuti apereke TV, kenako anazindikira kuti momwemo mungadutsenso intaneti. Ndondomeko yake ndi DOCSIS, yomwe inatuluka mu 1997. Ya 3.0 inabwera mu 2006, ndipo ya 3.1, ya mu 2013, papepala imafika 10 Gbps, kutanthauza 10,000 Mbps. Pa liwiro, DSL siiwona n'komwe fumbi la cable. Mtunda suivutitsanso kwenikweni. Chovuta chake n'chakuti nyumba zonse za dera limodzi zimamwera pa waya mmodzi.

Ife a mu Blantyre izi sitifunika kuziphunzira m'buku, timaziona pampopi. Madzi athu amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, n'kumapopedwa kukwera mtunda wonsewo. DSL ili ngati kapaipi kowonda kochokera kuthanki kubwera kwa inu nokha: madzi ake ndi omwewo m'mawa ndi madzulo, koma ngati muli kutali amangodontha. Cable ili ngati paipi yaikulu ya mzere wonse. Masana anthu ali kuntchito madzi amachita kuthovoka, koma ikakwana nthawi yoti aliyense atsegule mpopi, ndowa imatenga chaka kuti idzaze. Pa cable nthawi imeneyo ndi madzulo, kuyambira cha m'ma 7 koloko, pamene nyumba iliyonse yayatsa YouTube ndi Netflix.

Ndili mkati mofotokoza, alamu anandidula. "Alamu, dikirani. Cable ilimo kale m'nyumba muno! Pabalaza pano patuluka waya woyera pakhoma." Ndinawapempha atuluke panja autsate wayayo ndi maso. Patapita kanthawi ndinamva akuseka okha. Unakathera padishi yadzimbiri imene anasiya amene ankakhalamo kale. Ambiri amasokonezeka pomwepa. Waya wochokera padishi kupita ku dekoda ndi coaxial ndithu, mtundu womwewo, koma ulendo wake umathera padenga. Kuti ikhale cable ya intaneti, wayayo amayenera kutuluka pageti, kulowa mumsewu, mpaka kukafika ku makina a kampani. Kuno zimenezo sizinayalidwe. TV ya dziko lino, TVM, inayamba mu 1999, ndipo TV yolipira inatipeza kudzera padishi ndi pa eriyo, monga DStv ndi GOtv. Nyengo yokumba misewu kuyala waya wa TV inatidumpha. Choncho mu Blantyre mpikisano wa DSL ndi cable umatha usanayambe, poti mmodzi mwa opikisanawo sanabwere pabwalo.

Pali chinthu china chimene otsatsa malonda sakonda kutchula, ndipo kwa munthu wa Zoom ngati alamu ndiye chachikulu: liwiro lotumizira. Chilembo A mu ADSL chimatanthauza kuti njira ziwirizi si zofanana. Yolandirira ndi yotakata, yotumizira ndi kanjira ka mbewa, pafupifupi 1 Mbps basi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Fayilo ya 1 GB, pa 10 Mbps, imatsika pa mphindi 13 ndi kanthu. Fayilo yomweyo kuitumiza pa 1 Mbps ndi maola awiri ndi mphindi 13. Wojambula maukwati amene akufuna kutumizira kasitomala vidiyo ya Loweruka akhoza kuphika nyemba mpaka kupsa isanathe. Pa Zoom n'chimodzimodzi: inu anzanu mukuwaona bwinobwino, koma iwo akukuonani mutauma kukamwa kuli yasa. Cable nayonso imakondera kulandira, kungoti kanjira kake kotumizira n'kokulirapo. Pofunsa mtengo, funsani manambala onse awiri.

Ine DSL ndinakhala nayo zaka zingapo m'nyumba ina yakale ku Chitawira, ndipo m'chilimwe sinkandikhumudwitsa. Inali yochedwa, inde, koma kuchedwa kwake kunali kodziwika, kofanana Lolemba m'mawa ndi Lachisanu usiku. Mavuto ankayamba ndi mvula yoyamba. Kanyali ka pamodemu kankayamba kuphethira, ndipo ukanyamula lamya unkamva phokoso ngati nsomba zili m'mafuta. Ndinavutika nyengo ziwiri za dzinja ndisanakwere makwerero kukayang'ana kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndinapeza kuti amene ankakhalamo kale analumikiza waya woduka pongopotokola ndi zala, n'kukulunga ndi pepala la shuga. M'katimo munali madzi, kopa atasanduka wobiriwira. Kudula kachidutswa kameneko n'kulumikiza bwino kunathetsa matenda a zaka ziwiri. Kopa amadana ndi chinyontho, amakoka mphenzi mpaka kuwotcha modemu, komanso ali ndi msika kwa ogula zitsulo zakutha, ndiye mbava sizimusiya. Waya akabedwa usiku umodzi, dera lonse limakhala chete mpaka adzaikenso wina.

Za magetsi ndingonena mwachidule. Lamya yakale inkalira ngakhale magetsi atathima chifukwa mphamvu yake inkachokera ku ekisichenji, koma modemu imafuna soketi ya m'nyumba mwanu. Rauta sidya zambiri, kabatire kakang'ono ka UPS kamaiyendetsa maola angapo, ndipo amene anakhala mu mzinda uno Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu 2022 safunika kuuzidwa kawiri.

Nanga poti cable kulibe, DSL ikupikisana ndi chiyani? Choyamba ndi rauta kapena MiFi ya TNM kapena Airtel, imene nyumba zambiri zimadalira. Iyi inatengera matenda a mbali zonse ziwiri. Monga cable, mumagawana nsanja imodzi ndi dera lonse, ndiye madzulo imalemedwa. Monga DSL, mtunda umaipweteka, kuwonjezapo makoma ndi mapiri athuwa. Nyumba ili kuseri kwa Soche kapena m'tsinde mwa Ndirande ikhoza kusiyana kutali ndi ina ya mamita mazana awiri okha. Koma simudikira munthu wodzakumba ngalande, ndipo landilodi akakweza lendi mumangoinyamula m'chikwama. Kwa anthu a lendi mfundo imeneyi imaposa zina zonse. Chenjerani ndi mawu akuti unlimited. Werengani timalemba tating'onoting'ono, chifukwa mabandulo ambiri otere amatsitsa liwiro mukadutsa mlingo wina wake.

Chachiwiri ndi faiba, ndipo kumene yafika palibenso chokambirana. Ndi ulusi wagalasi wodutsa kuwala. Mtunda wa mu mzinda suumva, mphenzi siyenda m'galasi, ndipo kutumiza kumatha kufanana ndi kulandira. Wogula zitsulo alibe nayo ntchito, ngakhale kuti khasu la wokumba ngalande silisankha. Vuto ndi lakuti imatsata maofesi ndi madera a anthu a ndalama, ndipo ngati sinadutse pafupi ndi geti lanu, mtengo woikokera ukhoza kukukhazikani pansi.

Starlink, imene inafika ku Malawi mu 2023, siifunsa za polo kapena nsanja. Imangofuna thambo loonekera, chifukwa masetilaiti ake amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550. Kwa wokhala ku Mpemba kapena kupitirira Lunzu ndi chipulumutso. Koma zipangizo zake n'zochokera kunja, ndipo tonse tikukumbukira zimene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunachita ku chilichonse chogulidwa ndi madola. Imadyanso magetsi kangapo kuposa rauta wamba, ndipo chimvula champhamvu chimaigwedeza.

Zikanakhala kuti zonse ziwiri zilipo pa msewu umodzi, nyumba ya ana anayi okonda mavidiyo ndikanaiuza itenge cable mosaganiza kawiri. DSL ndikanaisiyira munthu woyandikana ndi ekisichenji amene amafuna liwiro losasinthasintha kuposa liwiro lalikulu. Kwa alamu ndinati ayambe afunsa ngati faiba yadutsa mumsewu mwawo, ndipo DSL aiganizire pokhapokha kampani itabwera kudzayeza waya wa nyumbayo n'kuwauza nambala imene ikufika pakhomopo, osati ya pachikwangwani. Podikira zimenezo, agule ma SIM awiri, aike kabandulo kakang'ono pa iliyonse, ayeze liwiro pa webusaiti ya Speedtest 10 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku kwa masiku atatu, chipinda ndi chipinda. Agogodenso kwa neba, chifukwa neba sakhala ndi komishoni.

Anachitadi zimenezo. Netiweki imene inkathamanga m'mawa ndi imene inkagwada usiku, ndipo malo abwino m'nyumba monse anapezeka kuti ndi pawindo la kukhitchini, pamwamba pa firiji. Rauta ili pamenepo mpaka lero, pambali pa botolo la mchere, akudikira a faiba adzayeze mtunda wochokera papolo. Waya woyera uja anaulumikiza ku dekoda, ndipo Loweruka lapitali tinaonerapo mpira.