Ndinajambulitsa bambo anga ndi penti wamafuta ku Lilongwe: ntchito yake ndi yotani?

Ngati mukufuna chithunzi choti mlendo akangolowa anene kuti "ndi omwewo, ngati a pa chitupa", musavutike ndi mnyamata amene ndikumukamba panoyu. Pitani ku situdiyo akakusindikizireni chachikulu tsiku lomwelo, ndalama zanu zitsale. Iyeyu amajambula zimene zili mumtima mwa munthu, ndipo amazibwereka ku nyanja, mitengo kapena mitambo. Si aliyense angakondwe nazo. Mayi anga mpaka lero sanagwirizane nazo.

Amagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, kopanda chikwangwani. Mukangotsegula chitseko fungo la turpentine, mankhwala osungunulira penti wamafuta, limakulandirani. Ndinamupatsa ntchito yojambula bambo, amene anali msodzi ku Nkhotakota ndipo amakwanitsa zaka 70. Ndinapita ndi zithunzi za mufoni, iye anangoziyang'ana pang'ono n'kuyamba kundifunsa mafunso. "Achemwali, bambowa amakhala chete nthawi yanji? Chimawasowetsa tulo n'chiyani?" Ndinamuuza za mwera, mphepo ya kumwera ija imene imavuta kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Ukawomba, mabwato amakhala pamtunda, ndipo bambo ankakhala pamchenga atakulunga manja, nsagwada zili gwa, akuyang'ana madzi. Mng'ono wawo anapita ndi mwera ine ndisanabadwe. Mnyamatayo analemba zimenezi kuseri kwa envulopu ndipo sanafunsenso china.

Chithunzicho ndi cha masentimita 60 m'lifupi ndi 80 m'litali. Mukachiyandikira, nkhope ya bambo ilibe mtundu umodzi wa khungu. Pamasaya pali kufiirira kwa dothi la katondo, pansi pa maso pali buluu wakuda yemweyo amene wapakidwa pa madzi kumbuyo kwawo, ndipo pachipumi padutsa kamzere kachikasu kamene poyamba ndinkayesa kuti burashi inaterereka. Mukabwerera m'mbuyo mapazi angapo, mitundu yonseyi imagwirana n'kukhala munthu wachikulire amene dzuwa lamuwomba mbali imodzi. Mafunde sanagone chopingasa monga mmene timaonera pa zithunzi zogulitsa kwa alendo. Akukwera, kupindika, n'kulowa m'jekete la bambo, moti simungaloze pamene phewa lathera ndi pamene madzi ayambira. Pentiyo pamafundepo anamupaka ndi kampeni, osati burashi, ndiye ndi wokhuthala, wa mizere yotukuka ngati mizere ya m'munda wongolimidwa kumene. Madzulo nyali ikayaka, mizere imeneyi imachita timithunzi ndipo nyanja ija imaoneka yolusa kuposa masana.

Kumaso n'kumene anandigonjetsa. Bambo sakuyang'ana amene waima patsogolo pawo. Maso awo adutsa pambali pang'ono, pamene pali chinachake chakutali chimene ife sitikuchiona, ndipo chikope chakumanzere chagwa pang'ono monga chimachitira akatopa. Pa zithunzi zimene ndinamupatsa panalibe n'chimodzi chomwe chimene bambo anayang'ana chonchi, chifukwa pa kamera amaumirira kuima chilili ngati msilikali.

Mnyamatayu sabisa kumene anaphunzira. Anandionetsa pafoni chithunzi chimene Vincent van Gogh, wojambula wotchuka wa ku Netherlands, anadzijambula yekha mu 1889 ali kuchipatala cha ku Saint-Rémy ku France. Chithunzicho chili m'nyumba yosungira zojambula ya Musée d'Orsay ku Paris. Pa chithunzi chimenecho buluu wozungulirazungulira wa kumbuyo ndi wofanana ndi wa jekete, ndipo nkhope yokha ndiyo yaima nji. Njira ndi yomweyo. Kunena zoona, pamitambo ya chithunzi chathu dzanja la Van Gogh laonekera mopitirira, moti amene amadziwa zojambula adzamwetulira. Pamadzi ndi pankhope ndi pamene mnyamatayu akulankhula ndi mawu akeake.

Mtengo wake ndi wokwera ndithu poyerekeza ndi zojambula za m'mbali mwa msewu, ndipo amafuna theka musanayambe. Chifukwa chake ndinachiona ndi maso. Amagwiritsa ntchito penti wa Winton, wa kampani ya Winsor & Newton imene inayamba ku London mu 1832, ndipo amachita kuitanitsa kudzera mwa anthu opita ku Johannesburg. Kachubu ka mamililita 37 sikachedwa kutha ukamapaka mokhuthala chonchija. Ndipo samalani, zojambula zambiri zimene zimagulitsidwa ngati zamafuta zimakhala za acrylic, penti wosungunula ndi madzi. Acrylic amauma pasanathe ola ndipo sanunkha kwenikweni. Wamafuta amasakanizidwa ndi mafuta a linseed, ochokera ku njere za mbewu ya fulakesi, amene sauma ndi kutentha monga madzi koma amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya. Pamwamba pamatha masiku kapena milungu kuti pagwirike, pomwe pokhuthala mkati mwake mumakhala mofewa kwa miyezi.

Kuchedwa kumeneku n'kumene kunatibweretsera mkangano. Tinagwirizana tsiku, iye akudziwa bwino kuti ndi la phwando la bambo, koma tsikulo linafika chithunzi chili chonyowa. Kuti penti amachedwa kuuma ndikumvetsa. Chimene sindikumvetsa n'chakuti munthu amene amagwira penti ameneyu tsiku ndi tsiku anavomera bwanji tsiku limene ankadziwa kuti silingatheke. Mauthenga anga ankawawerenga osayankha, foni ikulira mpaka kudula yokha. Paphwando tinangoonetsa anthu chithunzi cha mufoni.

Zolakwika zina ndi ziwiri. Matabwa amene anakokerapo chinsalu sanali ouma bwino, ndiye anapindika, ngodya imodzi n'kumakana kugunda khoma, mpaka ndinapita nacho kwa kalipentala. China ndi manja. Manja a msodzi ndiwo mbiri yake, zala zokhakhala zodulidwadulidwa ndi zingwe za ukonde, koma iye anawajambula mothamanga, dzanja lamanja likuoneka lopanda mafupa. Amene amamudziwa amati manja ndi vuto lake lakale, choncho ngati mukufuna aoneke, nenanitu pachiyambi.

Bambo atachiona koyamba, ku Lilongwe komweko chisanaume, sananene kanthu za nkhope yawo. Analoza kabwato kamene kanali pangodya. "Mwanangu, ameneyu anakwerapo bwato? Ili ndi boti la matabwa. Bwato lathu milomo yake imapindikira mkati, pakamwa pake m'pang'ono, miyendo yokha ndiyo imalowa." Kenako anaona timadontho tachikasu pamadzi, tija mnyamatayo anati ndi nyali za asodzi a usipa. "Pa mwera wotere ndani wamisala angakayatse nyali panyanja?" Apa mnyamatayo ndimuyamikire. Sanatsutse, sanachite manyazi. Anati, "Agogo, tandijambulireni pansi apa mmene limakhalira," bambo n'kujambula ndi chala pafumbi la pakhonde. Anapala bwato lija ndi kampeni kake, popeza penti anali asanalimbe, n'kujambulanso lolondola. Nyali anazisiya ziwiri zokha, kumtunda, ngati za anthu amene akudikira mphepo kuti ileke. Bambo anavomera zimenezo.

Ponyamula musachipinde ndipo musachikweze minibasi. Iye anachiika m'katoni yokhala ndi timatabwa m'mbali kuti pamwamba pasakhudze kanthu, ndipo chinayenda chogona pampando wakumbuyo wa galimoto mpaka ku Nkhotakota. Anatilangiza kuti tichipachike kutali ndi utsi wa kukhitchini, posawomba dzuwa, ndipo fumbi tizilichotsa ndi burashi yofewa, osati kansanza konyowa. Vanishi sapakidwa mpaka patatha miyezi 6 kapena chaka, ndipo analonjeza kudzapaka popanda kulipiritsanso. Lonjezo limeneli ndinamulembetsa papepala, ndipo nanunso muchite chimodzimodzi ndi tsiku lotengera katundu, muwonjezerepo mwezi wanuwanu wodikira.

Mayi akuti wawakalambitsa amuna awo ndipo wawajambula ngati akwiyira mudzi wonse. Ndinawafunsa ngati nawonso angalole kujambulidwa, mwina pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo umene anabzala okha. Anati angalole pokhapokha atavala yunifolomu ya Mvano ndipo akuseka mano onse ali pamtunda. Nditamuuza mnyamata uja, anayankha uthenga nthawi yomweyo, kanthu kosachitika: yunifolomu alibe nayo vuto, koma za manozo akufuna akakambirane ndi mayi pamaso.