Bokosi la zipangizo za makandulo a soya a marble: phula ndi labwino, pepala la malangizo ndilo losocheretsa

Bokosili limapezeka m'mashopu a zaluso kuno ku Johannesburg komanso pa intaneti. Pachivundikiro pali chithunzi cha kandulo woyera wa mizere yabuluu yokhotakhota ngati mwala wa marble. M'kati muli kilogalamu imodzi ya phula la soya, lopyapyala ngati mamba a chambo, mabotolo agalasi 6 a 250 ml, zingwe 6 ndi timasitika tomatira pansi, utoto wamadzimadzi wamitundu iwiri, mafuta onunkhiritsa 50 ml, themometa ndi pepala la malangizo. Talipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, titayesa mabokosi awiri, lina mu Juni, lina mu Novembala.

Phula lokha palibe chodandaula. Ndi la m'botolo lenileni, lofewa, loyamba kusungunuka lisanafike n'komwe madigiri 50, ndipo likauma limakhala loyera ngati chambiko. Mabotolo ndi ochindikala, pakamwa pake ndi masentimita 7.5. Themometa tinaiyerekeza ndi ina ndipo sizinasiyane kwenikweni. Mukaiviika m'madzi owira n'kuona yaima pa 94, musathamangire kukaibweza. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye madzi kuno amawira asanafike 100. Kutentha kumeneko n'kokwanirabe kufikitsa phula pa madigiri 85, bola jagi yosungunuliramo phula ikhale yachitsulo ndipo ikhale m'poto wa madzi. Pamoto penipeni ayi.

Sikelo m'bokosimo mulibe, pamene ntchito yonseyi imayendera magalamu. Pepala likuti "dzazani makapu awiri", zomwe sizithandiza chifukwa phula louma limadya malo ambiri kuposa losungunuka. Muyezo wabwino ndi uwu: thirani madzi m'botolo mpaka pamene mukufuna kandulo alekezere, yezani madziwo, chulukitsani ndi 0.86. Madzi a magalamu 200 akupatsani magalamu 172 a phula ndi mafuta pamodzi, kutanthauza phula 160 ndi mafuta 12 kapena 13, omwe ndi 8 peresenti. Kilogalamu ikwanadi mabotolo 6, koma mafuta ofunika pa kilogalamuyo ndi magalamu 80. Iwo aika 50 ml basi. Mukawagawira mabotolo onse fungo limamveka mukanunkhiza pafupi, koma chipinda sichidzaza. Mafutawo athireni phula lili pa madigiri 80 mpaka 85 ndipo mutakase pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri zathunthu. Mukafupikitsa, mudzaona timadontho ta mafuta pamwamba pa kandulo ngati thukuta.

Pamene pepalali lalakwa kwambiri ndi pa marble penipenipo, chomwe munthu wagulira bokosi. Likuti thirani phula m'botolo pa madigiri 65, dontheza utoto, zunguzani ndi kamtengo. Pa 65 phula limakhala ngati madzi. Utoto umenewu ndi wosungunuka m'mafuta, ndiye ukangogwera umafalikira ponseponse, ndipo pakatha mphindi zisanu mizere yonse yapita. Chotsala ndi kandulo wabuluu wotuwa, mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mizere imafuna phula lolimba moti n'kuugwira utoto pamalo.

Njira imene imatulutsa chithunzi cha pachivundikirocho ndi ina. Thirani phula loyera, lopanda utoto, pa madigiri 55 mpaka 57, musiye mpaka lilimbe koma botolo likadali lofunda m'manja. Pa botolo la kukula uku pamapita ola limodzi ndi theka kapena awiri. Tengani kamtengo kotungira nyama ya braai mubowole mabowo 6 kapena 8 m'mphepete, kamtengoko kakukhudza galasi, mpaka kutsala pang'ono kufika pansi. Ena muwongole, ena mupendeke, kuti mizere isafole ngati ana a sukulu pa asembule. Kenaka viikani nsonga yokha ya kamtengo mu utoto n'kuilowetsa m'bowo. Nsonga yokha. Dontho lathunthu pa bowo lililonse ndi lochuluka kwambiri, limada bii n'kuphimba kuyera konse.

Tsopano pafunika heat gun, chipangizo chamagetsi chouzira mpweya wotentha kwambiri, yomwenso m'bokosi mulibe ndipo pepala silinaitchule n'komwe. Iikeni pa mphamvu yochepa, masentimita 15 kuchokera pagalasi, muziyendetsa dzanja osaima malo amodzi. Pakapita timasekondi mudzaona phula la m'mphepete likuchita mbee ngati madzi, utoto n'kuyamba kutsetsereka m'bowo muja ngati utsi. Pamenepo pendekani botolo pang'ono, mulitembenuze, musiye. Chofunika kusungunuka ndi mamilimita awiri kapena atatu akunja okha. Ambiri amalephera apa chifukwa choona kukongola n'kufuna kuwonjezera, ndipo masekondi khumi owonjezerawo amasandutsa mizere kukhala chifunga. Pansi pa botolo musawotchepo, guluu wa kasitika amafewa chingwe n'kusuntha. Pomaliza sungunulani pamwamba pokha kuti mabowo atsekeke. Makina owumitsira tsitsi amatheka pa galasi la m'mbali, ngakhale amachedwa, koma pamwamba amauluza phula n'kudetsa khoma la botolo.

Wopanda heat gun angathe kudikira phula lizizire mu jagi mpaka lichite ngati phala la mwana, cha m'ma madigiri 40 apo, n'kudonthezamo utoto, kutembenuza kawiri kapena katatu ndi supuni, n'kukhuthulira m'botolo. Mizere imatuluka yokhuthala bwino ndipo imalowa mpaka m'kati, koma mumatsala mphako za mpweya ndipo pamwamba pamakhala mabampu.

Utoto wa m'bokosi ndi wamphamvu, timabotolo tiwirito tingapange makandulo makumi angapo. Ukatha musalowetse wa makeke, chifukwa uli ndi madzi ndipo umangokhala timipira pansi. Makrayoni ndi ufa wonyezimira wa mica zimatseka chingwe, moto n'kumazima wokha.

Nyengo ya kuno pepala silinaiganizire. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madigiri 4 kapena kutsikirapo, ndipo nyumba zambiri za ku Rosettenville kapena Yeoville zilibe chotenthetsera. Phula lotentha likagwera m'galasi lozizira limauma mothamanga, limanyentchera n'kusiyana ndi galasi malo ena, zomwe zimaoneka ngati madontho a madzi. Limatulutsanso zoyera ngati chisanu cha pa udzu m'mawa. Izi si kuwonongeka, ndi mmene mafuta a soya amaumira, koma pa mzere wabuluu kapena wakuda zimaonekera patali. Bokosi la mu Juni linachita zimenezi pa mabotolo 4 mwa 6, la mu Novembala pa limodzi lokha. Mankhwala ake ndi kufunditsa mabotolo musanathire, kuwaika pa thabwa kapena pa thaulo osati pa matailosi, kuwatalikitsa masentimita 5, ndi kuwavundikira katoni usiku wonse. Ntchitoyi muzigwira masana, ndipo ngati kuli load shedding muyambe mwaona ndandanda yake, chifukwa magetsi akathima mabowo ali otsegula utoto umauma momwemo ngati mizere ya bolopeni.

Zingwe ndi zazing'ono pa botolo la 7.5. Kandulo atakhala masabata awiri kuti fungo likhazikike, chingwe chitadulidwa kutsala mamilimita 6, anayaka maola atatu koma phula losungunuka silinafike m'mphepete. Panatsala mpanda wa pafupifupi sentimita imodzi kuzungulira, ndipo poyatsa kachitatu moto unali utalowa m'dzenje. Wina anganene kuti bola, mizere ya pagalasi yatetezeka, komatu limenelo ndi phula lotayika. Gulani zingwe zokulirapo sitepe imodzi, ndipo muyese kandulo mmodzi mpaka pansi musanapange ambiri. Ndi chingwe choyenera botolo limodzi linayaka maola oposa 30, osapitirira anayi pa nthawi imodzi.

Ofuna kugulitsa, kaya kutchalitchi kaya pa Rosebank Sunday Market, muziwauziratu makasitomala kuti pamwamba marble amatha tsiku loyamba kuyatsa. Phula likasungunuka utoto umasakanikirana, pouma pamakhala mtundu umodzi. Mizere ya m'mbali ndi imene imatsala, n'kumatha pang'onopang'ono kandulo akamatsika. Ichi n'chifukwa china chochepetsera utoto. Pa tebulo la msika musawaike padzuwa, utoto umafwifwa ndipo pamwamba pamatuluka thukuta.

Otumiza kumudzi pa basi asamale miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ku Beitbridge ndi ku Tete kumatentha kufika madigiri 40, ndipo pansi pa basi, pomwe pamakhala katundu, n'kuposa pamenepo. Phula lofewa chonchi limayamba kusungunuka, chingwe chimapendekeka, mizere imathamangira mbali imodzi ngati botolo linagona. Atsekeni zivundikiro, aimirire m'katoni, ndipo katoniyo ikhale m'kati momwe mwakhala anthu.

Kuwonjezera pa mtengo wa bokosi, werengerani sikelo yoyeza gilamu imodzi imodzi, heat gun, jagi yachitsulo, zingwe zina ndi botolo lachiwiri la mafuta onunkhiritsa. Amene ali nazo kale zimenezi angogula phula ndi mabotolo pazokha.