Chikwama chofufuma kapena zida zofukulira mnzako: ugule chiti poyamba?

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, komwe nanenso ndinakhalako nyengo ziwiri za chisanu ndisanabwerere kuno ku Nkhotakota. Sabata yatha anandiimbira pa WhatsApp ndili kudoko kudikira usipa. "Amalume, anzanga akuti tikakwere mapiri a Lyngen pa ski. Ndalama ilipo ya chinthu chimodzi basi. Ndigule chikwama chofufuma chija, kapena transceiver, ndodo ndi fosholo?" Mtima unandigunda, poti zonsezi ndi zida zopulumukira chipale chofewa chikagumuka paphiri pamene anthu akutsetsereka pa ski, timatabwa tomanga kumapazi. Ndinakhala kaye pa bwato lowuma kuti ndimuyankhe bwino.

Napolo ife timamudziwa. Anasesa midzi ku Phalombe mu 1991, ndipo mu 2023 namondwe wa Freddy anagwetsera phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe. Kumaiko ozizira chogumuka si dothi koma chipale chofewa. Chimagwa tsiku ndi tsiku n'kumasanjikizana ngati mikeka. Mkeka wina wapansi umatha kukhala woyoyoka ngati shuga, mphepo n'kuunjika wina wolimba pamwamba pake. Ukaponda pamtsetse wa madigiri 30 mpaka 45, wapamwambawo umang'aluka n'kutsetsereka wonse, iwe uli pomwepo. Apa ndiye pali kusiyana ndi napolo wathu: ambiri amene amafa amakhala atachiyambitsa okha, kapena mnzawo wapaulendo.

Chikwama chimakopa, sindikana. Ukamva pansi pakuthawa umakoka chogwirira chapaphewa, thumba la malita pafupifupi 150 n'kufufuma kumsana. Nzeru yake ndi ya m'lichero: mayi akamagwedeza mtedza, ukuluukulu umakwera pamwamba, timing'onoting'ono n'kutsikira pansi. Thumbalo limakukulitsa kuti chipale chikamayenda usamire. Kafukufuku wa mu 2014 wotsogoleredwa ndi Pascal Haegeli anapeza kuti mwa anthu 100 okokoloka koopsa, akufa anali 22 opanda thumba lofufuma, koma 11 mwa amene linawafufumira. Theka lathunthu, si zochepa ayi.

Koma taonani kumbuyo kwake. Ena mantha akawagwira sakoka n'komwe chogwiriracho. Thumba silikutchinjiriza ku mtengo kapena mwala, ndipo chipale chikakukankhira m'chigwa chopanikiza chimakuunjikira pamwamba ngakhale wafufuma. Chimalemera kumsana, ndipo kawirikawiri mtengo wake umaposa zida zitatu zija pamodzi. Chomwe chimandivuta kwambiri ine n'chakuti chikwama chimathandiza mwini wake yekha. Mnzako akakwiririka, iwe ndi chikwama chakocho ungoima n'kumalira.

Zida zitatuzo ndi za nthawi imene zinthu zavuta kale. Transceiver ndi kawailesi kovala mkati mwa jekete, kamene kamatumiza mosalekeza chizindikiro chosamveka m'khutu pa 457 kHz. Kaya n'ka kampani ya Mammut, Ortovox kapena Pieps, tonse timamvana. Wina akasowa, otsala amatembenuza tawo kuti tiyambe kumvetsera, n'kulondola mpaka pamwamba pake. Ndodo yolumikiza imabayidwa pansi mpaka igunde thupi, kenako fosholo. Ziwerengero za ku Switzerland zimaonetsa kuti wofukulidwa mphindi 15 zisanathe, oposa 90 mwa 100 amakhala moyo, koma pofika mphindi 35 amatsala pafupifupi 30. Helikopita siifika msanga chotero. Wokupulumutsa ndi amene unadya naye mkute m'mawa.

Tsiku loyamba kuphunzira kufukula sindidzaliiwala. Mphunzitsi anakwirira chikwama chokhala ndi transceiver kuya kwa mita imodzi. Kuchipeza sikunanditengere nthawi. Kufukula ndiye kunandithetsa mankhalu. Ine amene ndinakulira pa khasu la chinangwa ndinkati chipale n'chofewa ngati ufa, koma chogumuka chikaima chimauma gwa ngati chulu cha m'chilimwe. Magolovesi ananyowa, zala zinachita dzanzi, mpweya unkandiwotcha pakhosi, ndipo mphunzitsi ankangowerenga mphindi mokweza. Chifukwa chake fosholo ikhale yachitsulo, osati yapulasitiki. Foni nayo imasokoneza kawailesi kaja, choncho izikhala kutali masentimita 20 poyenda, ndi 50 pofufuza.

Majekete ena amabwera ndi kachitsulo ka RECCO, kothandiza kupeza wokwiririka. N'kabwino, koma kamamveka ndi makina a gulu lopulumutsa okha, ndiye musakawerengere m'malo mwa transceiver.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti agule zitatuzo. Ndinamuuzanso kuti ndalama yotsala alipirire maphunziro a masiku awiri kapena atatu, chifukwa zida m'manja mwa wosadziwa ndi katundu chabe. Ndipo pali chinthu chaulere choposa zonsezi. Asodzi a kuno saika mtima pa jekete yoyandamitsa. Akaona mwera ukudzuka amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde. Ku Norway mwera wake amaulengeza tsiku lililonse pa webusaiti ya Varsom, ndi manambala 1 mpaka 5 osonyeza kukula kwa ngozi ya chipale chogumuka. Pa 4 ndi 5 aliyense amaopa yekha. Nambala yonyenga ndi 3, poti kunja kumaoneka bwino, dzuwa lili phwee, koma ndi pamene pamafera anthu ambiri. Ukamva pansi pakulira "fuu" ngati thumba lotuluka mpweya, kapena ming'alu ikuthamanga kuchokera kumapazi ako, bwerera, khala kumalo osatsetsereka kwambiri, ndipo yang'ananso zimene zili kumtunda kwako. Pamalo okayikitsa muzidutsa mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pabwino.

"Nanga chikwama, amalume?" anafunsa. Ndinati chaka chamawa, akapitiriza kukonda mapiriwo, tidzasonkherana ndi amayi ake. Dzulo wanditumizira kanema ali kuseri kwa nyumba yomwe amagona, atagwada m'chipale ndi anzake awiri, akufukula chikwama chimene anakwirira. Zawatengera mphindi 19. Ndamuuza kuti asapite ku Lyngen mpaka zitatsika pa 10, ndipo Loweruka anditumizirenso ina.